Malaiti Yakayenda, Nyenyezi Zibwela

Funsani mwana aliyense wa mu komboni kuti Mlalang'amba ni chani. Bambili bazakuyanganani chabe, benangu bazakuuzani kuti ni mankhwala yamene bagulisa ku Soweto Market. Si mulandu wao. Mwana wobadwila mu Lusaka aziba nyenyezi zisanu olo khumi, zija zamene zikwanisa kupyola kuwala kwa tauni. Usiku wathu siukhala wakuda. Ma security light, ma billboard, mabala, mamotoka, vonse viponya kuwala kumwamba. Kuwala kuja kukakumana na fumbi na chusi cha mbaula, thambo lonse lisanduka monga tiyi wochepekela masamba.

Mlalang'amba ni chija chinjila choyela chamene chidula thambo pakati usiku wa mudima weniweni, monga muntu anapita na saka ya unga yobooka. Mu Chizungu ni Milky Way. Si chusi, si mutambo wa mvula. Ni nyenyezi zopitilila 100 biliyoni zamene zili pamodzi, ndipo zuba lathu ni imodzi mwa izo. Ise tili mukati mwake, ndiye chifukwa tiuona monga muzele. Bambuya bathu kumunzi benze kuuona usiku ulionse wopanda mwezi, mahala. Ise ba mu tauni tinausinthanisa na babu ya pa khomo.

Ine ninayamba kuujambula mu 2024. Mukumbukila chaka chija. Mvula inakana, manzi ku Kariba yanachepa, malaiti yenze kuyenda kuseni na kubwela pakati pa usiku ngati yafuna. Sinizanama pano kuti load shedding ni chintu chabwino. Ba barbershop, ba saluni, ba welding, bamai bogulisa ma freezit na nsomba za mu fuliji, bonse banalila, ndipo benangu mpaka lelo bakalibe kuimilila bwino. Koma mu mavuto yaja munabwela chintu chimodzi chamene kulibe anapempha: mudima. Komboni yathu ikazima yonse, kusiyapo tuma genset apa na apo, thambo lenze kusendela pafupi. Nyenyezi zamene ninaziona komaliza nili mwana kumunzi ku Katete zenze pamwamba pa malata yathu, pa Chawama pano.

Foni yanga si ya ma pin yambili. Ni ya second hand, koma mu kamera muli chija chamene balemba kuti Pro, mu mafoni yenangu balemba Manual. Pamenepo ndiye pali nkhani yonse.

Diso la muntu silisunga kuwala. Chamene chalowa manje chapita manje. Kamera ili monga chidebe chamene mufaka pansi pa malata mvula ikamagwa ya mawawa. Dontho limodzi palibe chamene muzaona, koma chisiyeni chidebe, muzapeza manzi yosambila. Kuwala kwa nyenyezi za kutali kufika monga madontho yaja. Mukauza kamera kuti ikhale chisegulile masekondi yambili, itola kuwala kwamene diso lanu litaya, elo pa screen pabwela vintu vamene simunaone pamene munayangana na maso.

Muchita so. Segulani Pro. Shutter, yamene mafoni yambili yalemba S olo Speed, ifakeni pa masekondi 15 olo 20. ISO ikhale pakati pa 1600 na 3200. Focus ichoseni pa auto, muikankhe ku mapeto kwamene kuli kachizindikilo ka phili olo ka 8 wogona, mpaka nyenyezi yowala ikhale kadontho kang'ono kosafufuma. Flash zimyani, siingafike kumwamba, izaukisa chabe bagalu ba baneba. Ngati foni ivomela RAW, sankhani yamene iyo, chifukwa isunga vonse vamene kamera yatola. Chomaliza ni timer ya masekondi 5 olo 10, kuti chala chanu chisagwedeze foni.

Foni siifunika kugwedezeka olo pang'ono. Mu manja simungakwanise, olo mukhale musilikali. Tripod ngati muli nayo ni bwino. Ngati mulibe, buloko na sokosi yozaza muchenga vigwila nchito: sokosi pa buloko, foni pa sokosi, mupendeke mwamene mufunila. Ndipo ngati chamene mufuna chili pamwamba pa mutu, tinikani timer, mugoneke foni chafufumimba pa kansalu kuti kamera ya kumbuyo iyangane kumwamba, muchokepo.

Nanga bwanji osasiya miniti yonse kuti chidebe chizale? Chifukwa dziko lizungulila. Thambo lioneka kuyenda madigili 15 pa ola limodzi, so mukapitilila maningi nyenyezi zileka kukhala madontho, zisanduka tumizele monga mupunga. Bojambula bali na kasamu kao: tengani 500, mugabe na mamilimita ya lenzi yanu. Kamera ikulu ya mafoni yambili ili pafupi na 25, ndiye muzapeza masekondi 20.

Manje pali nkhani ina yamene simuzaipeza pa YouTube, chifukwa bamene bapanga mavidiyo yaja sibakhala mu komboni. Muntu woimilila panja 23 hours, mu mudima, alozesa chintu kumwamba, kuno kwathu afunika kufotokoza. Usiku wina nili pa yadi, chiseko cha baneba chinaseguka pang'ono. Ni bambuya bamene bakhala na bazukulu bao mu nyumba ya kumbuyo.

"Imwe baneba, muchita chani na thambo usiku uno?"

"Nijambula nyenyezi, ambuya."

"Nyenyezi? Zakulakwilani chani?"

Ninabapelekela foni. Banaigwila na manja yabili, banayangana nthawi itali, elo banayangana kumwamba, banabwelela futi pa foni. "Uyu ni Mlalang'amba," banakamba. "Nenze kuganiza kuti unasala kumunzi." Banangena mu nyumba, banaukisa bazukulu babili, banabachosa panja na mabulangeti. Usiku uja bana banaphunzila mazina yabili kwa bambuya bao: Mlalang'amba, na Nthanda, nyenyezi ija yowala maningi yamene ituluka kukalibe kucha. Ine ninaonjezapo chabe kuti Nthanda ni pulaneti, Venus, ndipo ni imodzimodzi yamene miyezi ina tiiona kumadzulo zuba likangolowa. Bambuya sibanavomele. Mpaka lelo tikali kutsutsana.

Ineyo vinaniyendela bwino, koma osatenga nkhani iyi mwa masobela. Tonse tikumbukila 2020, nthawi ya gassing, mwamene bantu bosalakwa banamenyewa, benangu kufa, chifukwa chabe cha kuganiziliwa. So uzani baneba na balandilodi masana, mubaonese vithunzi. Khalani mu yadi. Ngati mufuna malo yoseguka monga gilaundi ya bola, yendani bambili, osati weka na foni yowala mu manja, ma junkie naonso bakonda mudima. Ndipo ngati muli na bululu ku Chongwe, ku Chisamba olo kumafamu ya ku Kafue, pemphani malo yogona weekend imodzi. Thambo la kumeneko, la Lusaka siliyandikila olo malaiti yayende tauni yonse.

Chamene bambili sitiziba ni chakuti tikhala pa malo yabwino maningi. Lusaka ili madigili 15 kumwela kwa equator. Pakati pa Mlalang'amba, pamene uli wonenepa na wowala kopambana, kuno papita pafupifupi pamwamba pa mutu. Muntu wa ku London amapaona pansi-pansi pafupi na mitenje ya nyumba, ngati apaona nkomwe. Pali vintu vinangu mu thambo lathu vamene ku Europe sibaviona olo siku limodzi. Bantu balipila ndeke kubwela kumwela kwa Africa kuti bajambule vamene ise tili navo pamwamba pa chimbuzi.

Nthawi yabwino kopambana ni ya mphepo, kuyambila May mpaka August. Mitambo kulibe, mupweya ni wouma. Cha m'ma 21 olo 22 hours mu June na July, sakilani nyenyezi zamene zipanga chinkhanila, mutu, thupi na muchila wopindika, na nyenyezi yofiila pa chifuba yamene baitana Antares. Kupitilila muchila uja ndiye pakati pa Mlalang'amba. Lozesani foni pamenepo. Muzaona kuwala kwa golide kodulidwa na mizele yakuda. Mizele ija si malo yopanda kantu, ni fumbi la mu mlengalenga lamene libisa nyenyezi za kumbuyo. Mukayanganisisa muzapeza kadontho ka pinki. Ni Lagoon Nebula.

Nebula ni chimutambo chikulu cha gasi na fumbi, ndipo mu ma nebula yambili ndiye mwamene mubadwila nyenyezi zatsopano. Na maso, olo na telesikopu ing'ono, ioneka yotuwa chabe, chifukwa diso lathu mu mudima silikwanisa kusiyanisa mitundu. Kamera ndiye iulula. Pinki uja ni gasi ya hydrogen yamene iwala chifukwa cha nyenyezi zotentha zamene zabadwila mukati mwake. Si filter, si kupenta. Mutundu ulipo, ise ndise tili na maso yofooka.

Kuyambila March mpaka June, yanganani kumwela madzulo. Muzaona nyenyezi zinai monga mutanda, Southern Cross, na zibili zowala zamene zilozako. Yowala kopambana pa zibili zija ni Alpha Centauri, neba wa zuba lathu. Pambali pa mutanda pali chigamba chakuda bii chamene Bazungu banachipasa dzina la Coalsack, saka ya malasha. Muntu wa mu komboni safunika kumufotokozela dzina ilo. Ku dzanja lamanja la mutanda, ukaimilila, kuli Carina Nebula, ikulu kupambana ya Orion yamene imveka maningi mu mabuku. Pa foni ibwela monga kaduba kofiila.

Orion yeve ni wa nthawi ya mvula, December mpaka March. Ni nyenyezi zitatu zija zondondozana zamene aliyense aziba. Pafupi nazo pali kamuzele kenangu ka tunyenyezi tung'ono, ndipo ka pakati si nyenyezi, ni Orion Nebula. Vuto ni mitambo. Koma usiku wamene mvula yagwa madzulo elo kwayela, mupweya ukhala wosambika kupambana nthawi ina iliyonse. Ngati simufuna kulimbana na mvula, ukani 04 hours mu August olo September, muzamupeza kum'mawa.

September na October yavutako, chifukwa cha fumbi na chusi cha moto wa mu sanga. Komabe kuchokela October mpaka January, usiku ukayela, kumwela kuoneka tumitambo tubili toyela twamene situyenda na mphepo. Ni Magellanic Clouds, milalang'amba ibili ing'ono yamene ili kunja kwa wathu. Mu ukulu mwa ibili iyo ndiye munaphulika nyenyezi mu February 1987, ndipo bantu kumwela kwa dziko banaiona na maso chabe. Kumpoto, mu October na November, pali kachintu kofuwa monga chala chapaka pa gilasi. Ni Andromeda, mlalang'amba wina wathunthu, ukulu monga wathu olo kupitilila.

Apa ndiye pamene mutu wanga uzungulila. Kuwala kuthamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchoka ku zuba kufika kuno kutenga maminiti 8. Kuchoka ku Alpha Centauri, zaka 4 na miyezi ingapo. Kwa Orion Nebula ni zaka pafupifupi 1,300, kutanthauza kuti kuwala kwamene foni yanu itola lelo kunanyamuka ufumu wa Undi ukalibe kuyamba. Carina, zaka 7,500. Pakati pa Mlalang'amba, 26,000. Mutambo ukulu wa Magellan, 160,000. Andromeda, zaka 2.5 miliyoni. Chigaza chija chamene banafukula mu mugodi ku Kabwe mu 1921 chili na zaka pafupifupi 300,000. Pamene mwine wa chigaza chija enze kubadwa, kuwala kwa Andromeda kwenze kale pa njila, pafupi kufika. Kwayenda ulendo wonse uja, kwapita pakati pa mawaya ya malaiti, kwagwela mu foni ya screen yong'ambika pa buloko mu Chawama.

Chithunzi chimodzi cha masekondi 20 chizakukondwelesani, koma mukachikulisa muzaona tumadontho twa mitundu-mitundu monga TV yopanda siginolo. Bojambula batuitana noise. Mankhwala yake ni kujambula malo yamodzi kambili, 20, 30, olo 60, foni osaisuntha. Elo muzivala kamera na chala olo kansalu kakuda, mujambule vinangu 10 va mudima wekaweka na ma setting yamodzimodzi, kuti kompyuta izibe noise yamene foni ipanga yeka. Vithunzi vonse muvifaka mu pulogilamu yamene iviunjika pamodzi. Sequator, DeepSkyStacker na Siril ni za mahala. Nyenyezi zipezeka pa chithunzi chilichonse, so zilimba. Noise isintha-sintha malo, so izimilila. Vithunzi 16 vichepesa noise kanai. Kuti ichepe kasanu na katatu mufunika 64. Ni monga chilimba: wa mwezi umodzi sagula kantu, koma mukasonkha bambili ndalama ioneka. Ngati mulibe laptop, muzanu wa pa koleji olo wa pa intaneti kafe ali nayo. Mafoni yenangu, monga ma Pixel, yachita yeka nchito iyi mukayasiya maminiti 4 yali phee.

Vinangu ni ving'ono koma vithandiza. Mwezi ukawala ubisa vonse, so sankhani masiku yamene mwezi wafa, ndipo ibwela pa masiku 29 na hafu yalionse. Maso yafunika maminiti 20 olo 30 kuti yazolowele mudima, ndipo WhatsApp imodzi chabe ibweza vonse pa zilo, so chepesani kuwala kwa screen mpaka pansi. Tochi ivaleni na pulasitiki yofiila. App ya Stellarium izakuonesani dzina la chilichonse chamene mwalozesa. Chajani power bank masana, mphepo imadya batili. Ndipo valani, July wa Lusaka saseka na muntu.

Bazanga benangu baniseka. Bakamba kuti izi ni za Bazungu, za bantu bokhuta. Bafunsa kuti nyenyezi zizakupasa zingati. Yankho ni yakuti sizinipasa olo ngwee. Nayo bola ya Premier League siinapasepo muntu wa mu komboni kantu, koma tigona 23 hours chifukwa cha iyo. Chamene chinibaba ni mau yakuti "za Bazungu". Mu 1964, chaka cha ufulu wathu, mphunzisi Edward Mukuka Nkoloso anauza dziko lonse kuti Zambia izafika ku mwezi Amerika na Russia bakalibe. Enze kuphunzisa bachinyamata pobagubuduza mu dilamu pa kaphili. Dziko linaseka, ndipo naise tikali kuseka. Dilamu ija yenze yosekesa, shuwa. Koma funso yamene mudala uja anaponya ikali chiimilile: nindani anakamba kuti kumwamba kuli bene bake?

Pa 21 June 2001 zuba linazima masana pano pa Lusaka kwa maminiti yatatu, ndipo bantu banachoka ku maiko yakutali kubwela kuzaona. Bambili bamene mubelenga pepala ino munali mukalibe kubadwa, funsani bamai banu mwamene nkhuku zinachitila. Lelo Zambia ni imodzi mwa maiko 8 ya mu Africa yamene yagwilizana na South Africa pa SKA, telesikopu ikulu ya mafunde ya wailesi yamene imangiwa ku South Africa na ku Australia. Nchito monga izo zifuna ma engineer, bantu ba kompyuta, bantu ba masamu. Bantu abo sibagwa kumwamba. Bayamba monga bana bamene siku lina banaona chintu, banafunsa kuti ni chani. Mwana amene akalibe kuonapo Mlalang'amba sangafunse za iwo.

Malaiti tiyafuna, ndipo yabwele, yakhalilile. Koma babu ya pa khomo siifunika kuunikila mitambo. Kawalala sabwela na ndeke. Ifakileni kachisoti ka chitini kuti kuwala kugwe pansi pamene pali chiseko, muzaona bwino pa yadi, ndipo thambo lizapumulako.

Yanganani pa kalenda siku lamene mwezi uzafa. Kambani na ba mu yadi kuti muzimye ma security light kwa maminiti 30 chabe, bonse muli panja pamodzi. Itanani bana, itanani na bakulu bamene banakulila kumunzi, chifukwa beve baziba mazina yamene app ilibe. Fakani foni pa buloko, tinikani timer, mubelenge mpaka 20.